Nyimbo zisanu, nsima yapsa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhe kudzera patsamba lino funso limene anthu a mumzere mwathu kuno ku Chipasula akhala akunong'onezana: kodi mayi uja wayamba kugulitsa mowa? Funsoli lidabadwa chifukwa tsiku lililonse nthawi ikamayandikira 7 koloko madzulo, pakhonde panga pamamveka malipenga, gitala ya besi ndi bambo wina wa mawu osasa akukuwa ngati waponda khala la moto. Mowa sindigulitsa, ndipo sindidaulawepo. Nthawi imeneyo ndimakhala ndikuphika. Amene amakuwayo ndi James Brown, ndipo pakadapanda iyeyo, mwina bambo anga bwenzi pano tikuwatchula kuti malemu.

Ndimagwira ntchito m'sitolo ina ya nsalu ku Bwalo la Njobvu. Timatseka 5 koloko, koma kuti timalize kuwerengera katundu, ndiyende wapansi kukafika kudepoti, ndikankhane ndi anzanga pakhomo la minibasi ya ku 23, kenako tikwawe pamdipiti wa galimoto mpaka kudutsa Biwi, ndimafika pakhomo kunja kutada. Amayi anzanga a ku Kawale, Chinsapo, Mgona ndi Area 25 sindikuwauza zachilendo. Tonse timatsika minibasi msana ukuwawa, m'manja muli kajumbo ka tomato, tikudzifunsa kuti tiphike chiyani chofulumira.

Pakhomo pamandidikira anthu atatu: mwana wanga wamkazi wa Sitandade 6, mlongo wake wa Sitandade 3, ndi bambo anga ondibereka, omwe adabadwa mu 1951. Mayi adatisiya mu 2016. Amuna anga adapita ku Joni mu 2019.

Chakudza sichiyimba ng'oma. M'mawa wina wozizira mu June 2023, bambo adagwa akutuluka kubafa. Kuchipatala adati ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kumene palibe adakudziwa, poti bambo chibadwire anali asanayezetseko BP. Tidatuluka patatha masabata atatu, mkono ndi mwendo wakumanja zili lende, pakamwa patapindika, mawu atathawa. Adatilangiza kuti mankhwala asamadumphitse, azidya zofewa kuti asatsamwe, mchere uchepe kwambiri, ndipo tizipita nawo kumafizo.

Malangizo onse ndidawatsata, koma bambo adakana kudya. Masana msuweni wanga, amene amakhala nawo ine ndikakhala kuntchito, ankangowamwetsa masipuni awiri atatu a phala. Madzulo ine ndinkafika, kuyamba kukoleza mbaula, kusankha nyemba, kusinja mtedza. Nsima inkapsa cha m'ma 9 koloko, nkhalamba itatopa ndi kudikira, itagona pampando. Ndikawadzutsa ankaluma mano n'kutembenukira kukhoma. Sindikuwada. Munthu amene moyo wake wonse ankakonda mang'ina ndi kambuzi, lero akupatsidwa chakudya chozizira mkamwa ngati udzu, usiku, ndi mwana amene nkhope yake ikuonetseratu kuti watopa naye. Pofika August ndidaboola mabowo awiri atsopano palamba wawo.

Achimwene anga aakulu adabwera kuchokera ku Mchinji. Adawayang'ana bambo nthawi yaitali, kenako adandiitanira kuseli kwa nyumba.

"Mlongo, bambowa akutha tikuona. Inu ntchito simungasiye. Bwanji ndiwatenge akakhale kumudzi, azakhali azikawayang'anira?"

Sadalankhule mwankhanza, ndipo zina mwa zomwe adanena zinali zoona. Koma tonse awiri tinkadziwa tanthauzo la ulendo wotere. Kumudzi kwathu mafizo kulibe, ndipo mankhwala akatha, wokawatenga ayenera kupalasa njinga theka la tsiku. Kutengera wodwala wotere kumudzi kumakhala kuchepetsa mtengo wonyamula maliro. Ndidapempha mwezi umodzi. Tidagwirizana kuti September akatha bambo asakudyabe, achimwene abwera ndi galimoto.

Sabata yomweyo ndinkafuna chiphaso chawo m'thiranki yachitsulo ya kunsi kwa bedi. Pansi penipeni ndidapeza phukusi lokulungidwa m'chitenje cha malemu mayi. Munali mbale za galamafoni zoposa 20, zina zitapindika ndi kutentha: James Brown, Kool & the Gang, Commodores, Earth, Wind & Fire, Stevie Wonder, Temptations, WITCH ndi Ngozi Family. Choimbira chake chidafa kalekale ine ndili kupulayimale. Nditakhala pansi paja ndidakumbukira chinthu chimene ndinali nditaiwaliratu. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, bambo ankawauza mayi kuti apume, iwo n'kulowa kukhitchini. Mumzere monse anali mwamuna yekhayo wogwira mthiko, ndipo anzawo ankawaseka kuti adadyetsedwa. Iwo analibe nazo ntchito. Ankatsegula zenera kuti nyimbo zizimveka panja, n'kumavundula nsima uku akutsetsereka ndi phazi limodzi.

Ndidakopera maina a nyimbozo papepala n'kupita nawo kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni pamsika. Mnyamatayo adawerenga pepala lija n'kuseka. "Masteni, izi ndiye zamakedzana. Ndi zapamaliro kapena?" Ndidamuuza kuti afufuze basi. Mawa lake adandipatsa memoli khadi, ndipo ndidagulanso kasipika kotchaja.

Madzulo ake ndidawakhazika bambo pakhonde, pafupi ndi mbaula, n'kuika Cold Sweat. Sindidayembekezere kanthu. Ndikudula anyezi ndidamva kuti gu, patapita kanthawi gu. Chinali chidendene chawo chakumanzere chikumenya simenti, osati mwachisawawa, koma kamodzi pa kugunda kunayi kulikonse. Pamene James Brown adakuwa, nawonso adakuwa. Kuyambira June, aka kanali koyamba kumva mawu otuluka pakamwa pawo osakhala kubuula. Ana adathamanga kuchokera m'nyumba poganiza kuti agogo agwa. Usiku umenewo adadya mbamu zisanu za nsima yofewa ndi mazira. Ndidaziwerenga, ndipo misozi ndidaikhetsera m'beseni lotsukira mbale kuti asandione.

Nyimbo zimenezi dzina lake ndi funk, bambo ankati fanki. Adazidziwira ku Lusaka, kumene adapita mu 1969 kukakhala ndi amalume awo ku Matero. Mu December 1970 James Brown adabwera kudzaimba ku Zambia. Tili ana, bambo ankatiuza kuti anali kutsogolo kwenikweni, thukuta la woimbayo likuwadonthera. Mayi ndiwo adadzatiululira kuti ndalama yolowera adalibe, adamvera panja ndi anyamata anzawo. Komabe chimene adamva tsiku limenelo chidawakwana moyo wonse.

James Brown adabadwa mu 1933 ku South Carolina m'dziko la America, n'kukulira mu umphawi wadzaoneni mumzinda wa Augusta ku Georgia, kumene ankapolisha nsapato ndi kuvina pamsewu kuti apeze kangachepe. Mu 1965 adatulutsa Papa's Got a Brand New Bag, mu 1967 Cold Sweat, ndipo ambiri amati fanki idakhwimira pamenepo. Chachilendo chinali chakuti chida chilichonse adachisandutsa ng'oma. Gitala ya Jimmy Nolen inkangokanda timawu tifupitifupi. Malipenga a Maceo Parker ndi anzake ankabaya n'kukhala chete. Clyde Stubblefield ndi Jabo Starks ankagwira ng'oma osasuntha ngati msanamira. Mu 1970 mnyamata wa zaka 18, Bootsy Collins, wobadwa chaka chimodzi ndi bambo anga, adalowa m'gululo ndi besi. Lamulo linali limodzi: pa kugunda kunayi kulikonse, koyamba ndiko kolemera, ndipo onse akumane pamenepo. Pakatipo aliyense angayende njira yake. Wophonya ankadulidwa malipiro.

Bambo ankatifotokozera zimenezi ndi mtondo. Ankati amayi atatu akamasinja mumtondo umodzi, palibe amene amatsitsa munsi pa nthawi ya mnzake. Aliyense ali ndi mpata wake, ndipo kukoma kwa kamvekedwe kake kumachokera pa kusiyirana mipatako. Ankatinso kubwalo la gule mbalule ili ndi zonena zake, mpanje uli ndi zake, koma wovina amadziwa pamene zikumana. N'chifukwa chake, iwo ankatero, fanki siidafike kuno ngati mlendo. Makolo a oimbawo adachoka ku Africa m'zombo zaukapolo, ndipo ng'oma zawo zidangobwerera kwawo zitavala suti.

Sadaname. Mu 1972 Manu Dibango wa ku Cameroon adagwedeza dziko ndi Soul Makossa. Ku Nigeria, Fela Kuti ndi womenya ng'oma wake Tony Allen adaumba Afrobeat. Mu 1974 James Brown adakaimba ku Kinshasa patatsala masabata ochepa kuti Muhammad Ali amenyane ndi George Foreman. Ku Zambia anyamata adasakaniza rock, fanki ndi ng'oma zakwawo n'kutulukira Zamrock: WITCH ya Jagari Chanda, Ngozi Family ya Paul Ngozi, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, ndi Amanaz. Mwayi wawo udakula pamene Kenneth Kaunda adalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zapawailesi zikhale za m'dzikomo. Ndipo musaganize kuti izi zidatha. WITCH idatulutsa chimbale chatsopano, Zango, mu 2023, chaka chomwecho bambo adagwa. Ngakhale ana athu amene amaseka nyimbo za agogo amavina fanki osadziwa, pakuti kachigawo ka ng'oma ka Stubblefield m'nyimbo ya Funky Drummer kadabwerekedwa m'nyimbo za rap zosawerengeka.

Bambo adabwerera kumudzi mu 1975, chaka chimene likulu lidasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, atamva kuti kuno ntchito ya zomangamanga ili mbwee. Malawi wa nthawi imeneyo sanali Lusaka. Lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo amuna a tsitsi lalitali ankaona zakuda. Tsitsi lawo la afulo, limene adalisamala zaka zisanu, adalimetetsa okha ku Chipata asanaoloke malire. Wailesi inali imodzi yokha, MBC, ndipo bungwe loona za mafilimu, mabuku ndi nyimbo linkaletsa chilichonse chimene lachikayikira. Mbale zawo adazilowetsa zili pakati pa mabulangete, ndipo zina adadzagula pambuyo pake kwa anzawo obwera kumigodi ya ku Joni. M'kanyumba ka lendi ku Kawale, Loweruka usiku, amisiri anzawo ankasonkhana, kutseka chitseko, n'kuvina mpaka mabatire atatha.

Tsono zikukhudzana bwanji ndi mphika? Nditaona kuti bambo amadya akakhala maso ndiponso mtima uli m'malo, ndidazindikira kuti adani anga anali awiri: nthawi ndi chakudya chosakoma. Chakudya chiyenera kufika pambale isanakwane 7:30, ndipo chikhale choti munthu angachilakelake. Wotchi kukhitchini ndilibe, ndipo foni ndikaigwira ndi manja a ufa imavuta. Choncho nyimbo zija zidasanduka wotchi yanga. Ndidasankha zisanu, zomwe pamodzi zimatenga pafupifupi theka la ola, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake.

Kugunda koyamba, kolemera kuja, ndi moto. Mayi amene wafika pakhomo n'kuyamba kufunafuna machesi waphonya kale. Minibasi ikamadutsa Biwi ndimaimba foni, mwana wanga n'kukoleza mbaula panja, pamalo opita mphepo, osati m'nyumba, chifukwa utsi wa makala umapha mwakachetechete. Amatereka madzi m'poto wovundikira. Ine ndikamafika, makala ali psuu, madzi awira. Ndimawathira mufulasiki kuti adikire nsima, mbaula n'kutsala yopanda kanthu.

Nyimbo yoyamba ndi Cold Sweat, ya mphindi zisanu ndi ziwiri ndi kanthu. Imeneyi ndi ya ndiwo zankhuli. Mafuta sipuni imodzi, anyezi, adyo, kenako tomato awiri odula tizidutswa ting'onoting'ono kuti asachedwe kusungunuka. Malipenga akamayamba kuyankhana ndimaswera mazira atatu n'kutakasa pang'onopang'ono kuti akhale ofewa, osauma. Tsiku la usipa ndimathira usipa umene ndidauchotsa mitu m'mawa n'kuuviika m'madzi ofunda. Wa bambo ndimaukazinga pang'ono Lamulungu, kuusinja mpaka ukhale ufa, n'kumathira masipuni awiri mumsuzi wawo, kuopa minga. Tsiku la soya ndimamuviika m'madzi otentha mphindi zisanu, kumufinya, n'kumuponya mu tomato.

Yachiwiri ndi Superstition ya Stevie Wonder, ya mu 1972, mphindi zinayi ndi theka. Imeneyi ndi ya masamba. Madzi pang'ono chabe, ongophimba pansi pa poto, tomato mmodzi, kenako nkhwani, mpiru kapena bonongwe. Masamba ndimatsuka ndisanadule, chifukwa ukadula kaye n'kutsuka, zabwino zake zimapita ndi madzi. Yachitatu ndi Jungle Boogie ya Kool & the Gang, ya mu 1973, mphindi zitatu zokha. Ikangoyamba ndimathira nsinjiro zosungunula m'kapu, kutakasa, n'kuvundikira. Ikatha ndimaphula poto n'kumuika paphulusa lotentha pambali pa mbaula, kuti nsinjiro zimalize kupsa zokha.

Yachinayi ndi yaitali, Papa Was a Rollin' Stone ya Temptations, pafupifupi mphindi 12. Imeneyi ndi ya phala la nsima. Ndimabweza madzi a mufulasiki aja m'poto, kusungunula ufa m'madzi ozizira pambali, n'kuthira uku ndikutakasa kuti pasakhale mibulu. Apa sipofunika changu. Phala losapsa ndilo limabala nsima yomata m'manja ndi yotsegula m'mimba. Ndimalisiya libwate, ine n'kusambitsa bambo m'manja, kuyala mkeka, ndi kuona makope a ana. Nyimboyi imakamba za ana amene akufunsa mayi awo za bambo wawo woyendayenda, amene adamwalira osawasiyira kanthu. Ndikamaimva ndimayang'ana nkhalamba ili pampandoyo, imene idatilera ndi thukuta lapasikafodi osatithawa ngakhale tsiku limodzi. Nthawi zina ndimaganizanso za foni ya ku Joni imene masiku ano imalira mwa apo ndi apo. Kenako phala limandithovukira padzanja, n'kubwerera kuntchito.

Yomaliza ndi Brick House ya Commodores, ya mu 1977. Mphindi zitatu ndi theka, besi yolemera, yoyenera mthiko. Ndimapatula kaye gawo la bambo nsima ikadali yofewa, yotsalayo n'kuonjeza ufa ndi kuthyakula mpaka italimba. Nyimbo ikamatha chipande chili m'madzi, mitanda ikulowa m'mbale.

Kunena zoona, kuphika mwachangu kumayamba Lamulungu. Tsiku limenelo ndimasankha mtedza, kutaya wonse wachuku ndi wofwifwa chifukwa chuku cha mtedza chimawononga chiwindi, kenako kusinja wa sabata yonse n'kusunga m'botolo louma. Nyemba ndimaziviika usiku. M'mawa ndimazibwatitsa kwambiri theka la ola pamoto wa tiyi, kenako poto ali chivundikirire ndimamukulunga m'bulangete lakale n'kumuika m'dengu. Madzulo ndimangozibwezera pamoto kuti ziwirenso, zitafewa kale, makala osatha ambiri. Ndi mmene makala akwerera mtengo, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, bulangete limeneli landipulumutsa kwambiri. Tsiku lotopetsa zedi ndimaphika futali: mbatata yofiira mkati, monga ija amati Kadyaubwerere, yodula timabanzi, kubwatitsa, kuthira nsinjiro, n'kupota ya bambo mpaka isalale. Poto mmodzi, nyimbo zitatu, ndipo ana amanyambita mbale.

Nkhondo yaikulu inali ya mchere. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, kutanthauza kasipuni ka tiyi kosadzaza, kuphatikiza wonse wobisala m'buledi, m'timakyubu tokometsera ndiwo ndi m'nsomba zouma. Ife tidazolowera kuthira m'poto, kenako kuikanso kambale ka mchere pamkeka. Kambaleko ndidakachotsa. Timapaketi tokometsera timene timabwera ndi soya sinditsegula. Soda ndidasiya, chifukwa nayenso ali ndi chomwecho chimene chimakweza magazi mumchere, komanso amapha mavitamini m'masamba. Therere ndimalidula lopyapyala, ndipo limatereka bwinobwino popanda soda. Kukoma ndimakufuna kwina: anyezi wokazinga mpaka afiire, adyo, jinja, madzi a ndimu pomaliza, ndi kambuzi mmodzi wathunthu woponya mumsuzi n'kumuvuula, kuti asiye fungo lokha. Apa ndipo ndidamvetsa zimene bambo ankanena za fanki. Zida zochepa, chilichonse chilowe pa nthawi yake, n'kusiyira chinzake mpata.

Si onse adakondwera. Amayi ena a kumpingo adabwera madzulo ena kudzandicheza. Atakhala pamkeka adati, "Amayi, pakhomo pali matenda pamafunika nyimbo zauzimu. Izi zakumowazi zikupereka chithunzi chanji?" Sindidakangane nawo. Mapemphero timachita m'mawa uliwonse, ndipo sindinganene kuti oimba fanki anali angelo. James Brown yemweyo adamangidwa mu 1988 n'kukhala m'ndende mpaka 1991, ndipo mbiri yake yozunza akazi ndi yodziwika. Sindiphunzitsa mwana wanga wamwamuna kuti akhale ngati iye. Ndidangowapempha amayiwo kuti akhale kufikira nsima itapsa. Adaona chidendene chija chikugunda, adaona mbale ikubwerera yopanda kanthu. Potsanzika, mmodzi wa iwo, wamasiye wachikulire, adanditengera pambali n'kundifunsa ngati anyamata apamsika aja angapeze nyimbo ina imene malemu amuna awo ankaikonda.

Adokotala a mafizo nditawafotokozera sadadabwe. Adati kugunda kokhazikika kumathandiza anthu ena odwala sitiroko kuponya mwendo mofanana, ndipo ena amene mawu adawathawa amatha kung'ung'uza nyimbo ngakhale akulephera kulankhula. Koma adandichenjeza kuti nyimbo si mankhwala a BP, ndipo nanenso ndikuchenjeza owerenga chimodzimodzi. Mapiritsi bambo amamwa tsiku ndi tsiku, ndipo kusikelo sitijomba. Chimene tidaonjeza n'chakuti Loweruka m'mawa timaika September ya Earth, Wind & Fire, ine kumanja, ndodo kumanzere, n'kuyenda kuchoka pakhonde kukafika pageti. Ndi mapazi 22. Tsiku loyamba tidapuma kanayi.

Achimwene adabwera September atatha, monga mwa pangano, galimoto yobwereka ili panja. Adafika nthawi ya Papa Was a Rollin' Stone. Ndidawaonetsa buku la kuchipatala, mmene mudalembedwa kuti bambo aonjeza makilogalamu awiri, koma sadaliyang'ane n'komwe. Adaima pageti ngati aona mzukwa. Iwo ndi aakulu kwa ine ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye Malamulungu aja amawakumbukira bwino kuposa ine. Brick House itayamba adavula jekete, kundilanda mthiko, n'kuthyakula nsima uku akuyesa katsetsereke ka phazi limodzi kaja. Adalephera, nsapato idavuka. Bambo adaseka ndi theka la nkhope yawo mpaka kutsokomola. Galimoto idabwerera yopanda wodwala, ndipo kuyambira pamenepo achimwene amatitumizira ufa ndi mtedza kuchokera kumudzi. Mutu umodzi susenza denga.

Sindikufuna kunamiza anthu kuti zonse zili bwino. Mkono wakumanja sudabwerere. Alipo masiku amene bambo amakankha mbale ngakhale ndiike nyimbo iti, ndipo alipo masiku amene ine ndimafika nditatopa moti ndimalakalaka pakhomo patakhala zii. Magetsi akazima masiku awiri kasipika kamafa, ndiye ana amaomba m'manja ndi kumenya chidebe. Mawu abwerera ochepa kwambiri. Loyamba kubwerera, patatha miyezi isanu, silinali dzina langa kapena la mdzukulu wawo. Adalawa nkhwani, kundiyang'ana m'maso, n'kunena momveka bwino kuti, "Mchere." Ndidawakaniza, koma ndidavina.

Pempho langa kwa owerenga ndi ili. Ngati muli ndi kholo limene likadalankhula, lifunseni lero nyimbo zimene linkavina lili ndi zaka 20, ndipo mulembe papepala. Kaya ndi fanki, kaya ndi simanjemanje, rumba, Daniel Kachamba kapena chimtali, lembani. Ine ndidachita mwayi kuti thiranki idandisungira mndandanda. Tsiku limene munthu adzalephere kukuuzani chimene akufuna, pepala limenelo lidzakuthandizani kumupeza kumene wabisala. Mupite nayenso akayezetse BP, chifukwa kuyeza kwake sikutenga ngakhale nyimbo imodzi. A mawailesi, amene tsopano mwachuluka, tipatseniko ola limodzi pasabata la nyimbo zimenezi, makamaka nthawi yophika. Ndipo abambo, gwirani mthiko. Bambo anga adasekedwa nawo zaka zambiri, koma n'zimene ana awo tikuwakumbukira nazo.

Kwa anansi anga a ku Chipasula, pepani chifukwa cha phokoso, ndipo ndimayesetsa kuzimitsa isanakwane 8 koloko. Mukamva malipenga aja musaganize za mowa. Lowani, mkeka ulipo, nsima imakwana. Mukafuna kubweretsa kanthu bweretsani tomato, koma mchere muusiye kwanu, ngakhale nkhalamba ikupempheni motani.

Mayi wosamala kholo,
Chipasula, Lilongwe.